Galimoto ya otomatiki ikayamba kusokoneza magiya: zoyenera kuona musanalole kuti bokosi ligwetsedwe

Kuno ku Chinguluwe galimoto ya 4x4 si yodyerera ayi. Ndi imene imasenza thonje ndi matumba a chimanga, kuthamangitsa wodwala usiku kupita naye ku chipatala chachikulu pa Salima, komanso kudutsa misewu yathu yafumbi imene mvula ikagwa imasanduka phala. Zambiri ndi zakale ndithu: ma Hilux Surf, ma Prado oyambirira aja, ma Pajero, ma X-Trail ndi ma RAV4. Zinabwera kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe zitayenda kale zaka zambiri, ndipo zochuluka ndi za otomatiki.

Ndiye tsiku lina galimoto imangoyamba zake. Giya ikulowa mochedwa, kapena ikulowa mogunda ngati wina wakumenyani kumbuyo, kapena ikungosinthasintha yokha pamsewu woti ndi wosalala. Mukapita nayo ku galaja, mawu oyamba amene ambiri amamva ndi akuti bokosi lafa, gulani lina. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mawu amenewa ndi oti munthu osagona nawo tulo, chifukwa sipeya aliyense wochokera kunja anakwera mtengo modetsa nkhawa.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi basi. Nthawi zambiri chimene chasokoneza magiya sichili mkati mwa bokosi. Chimakhala oyilo, magetsi, kasensa kena, kapena kutentha. Muyambe ndi zotchipa, mumalizire zodula. Ndaziika mwandondomeko kuti muzisunge mufoni, tsiku la vuto mudzangotsatira.

Bokosi limeneli limagwira ntchito bwanji?

Mwachidule, bokosi la otomatiki limadalira zinthu zitatu. Choyamba ndi oyilo wake wofiira uja, amene amamutcha ATF. Ntchito yake si kufewetsa zitsulo kokha. Pampu imamukankha mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imagwiritsa makilatchi a mkati kuti giya ilowe. Ndi yemweyonso amene amatenga mphamvu ya injini kupititsa ku bokosi kudzera mu torque converter, chimbale chonenepa chili pakati pa injini ndi bokosi. Chachiwiri ndi kompyuta, imene imasankha nthawi yosinthira giya poona liwiro la galimoto ndi mmene mwapondera moto. Chachitatu ndi masolenoidi, timavavu tamagetsi timene timatsegula ndi kutseka njira za oyilo kompyuta ikalamula.

Tsono oyilo akachepa, sensa ikanamiza kompyuta, kapena waya wina akatayirira, magiya amasokonekera ngakhale zitsulo za mkati zili bhobho. Ma Surf ndi ma Prado ambiri a m'ma 1990 ali ndi bokosi la magiya anayi la mtundu wa A340 kapena A343F, lopangidwa ndi kampani ya Aisin ya ku Japan. Ndi bokosi lodziwika dziko lonse kuti ndi lopirira. Silifa wambawamba.

Dziwani kaye chizindikiro chenicheni

Kungouza makaniko kuti galimoto ikuvuta magiya n'kumupatsa mpata woti azingoyerekeza. Muyendetse galimotoyo mutazimitsa wailesi, muziyang'ana singano ya marevu, ndipo mudziwe kuti mwa izi ikuchita ziti:

1. Mukaika D kapena R imatenga kanthawi isanagwire, makamaka m'mawa. Kawirikawiri apa ndi oyilo wochepa kapena sefa yotsekeka.
2. Marevu akukwera koma liwiro osawonjezereka. Uku ndi kuterereka. Kukhoza kukhala oyilo wochepa, kebulo yotayirira, kapena makilatchi akutha.
3. Giya ikulowa mogunda. Ganizirani za oyilo wolakwika, kebulo yokungika kwambiri, sensa ya moto, kapenanso mamaunti a injini ndi bokosi amene aduka.
4. Ikusinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi yokhayokha. Apa nthawi zambiri ndi za magetsi.
5. Yakanirira mu giya imodzi ndipo ikunyamuka molemera ngati yasenza katundu. Kompyuta yaona vuto ndipo yadziteteza, kapena solenoidi yafa.
6. Ikazizira ili bwino, ikatentha n'kuyamba misala, kapena mosemphanitsa.

Muonenso ngati vuto limatha mukazimitsa injini n'kuilizanso. Likatha kenako n'kubwerera, umenewo ndi umboni wamphamvu woti nkhani ndi ya magetsi. Kilatchi yoti yatha sichira chifukwa mwatembenuza kiyi.

Zina si matenda n'komwe

Musanaseke, izi zadyetsa anthu ndalama. Pa kandodo ka giya pali kabatani ka O/D. Kakadinizidwa, pa dashibodi pamayaka O/D OFF ndipo galimoto sikwera giya yachinayi, imangolira pa M5 ngati ikupempha thandizo. Palinso batani la ECT PWR limene limachedwetsa dala kusintha giya kuti galimoto ikhale ndi mphamvu, ndi lina lolembedwa 2nd limene limanyamutsa galimoto ndi giya yachiwiri kuti isaterereke m'matope. Mwana akasewera m'galimoto, kapena anyamata otsuka akadutsitsa nsanza, mabatani amenewa amadinizika osadziwa.

Muonenso kandodo kakang'ono ka 4x4. Kakakhala pa L4 kapena pakatikati, galimoto imasintha magiya mwachilendo. Ndipo injini ikakhala yozizira, kompyuta ya Toyota imakana dala giya yachinayi mpaka madzi atafunda. M'mawa wa mu June, makilomita awiri atatu oyambirira zikatero musadandaule.

Oyilo: mlingo, mtundu ndi fungo

Apa ndi poyambira penipeni, ndipo sipalira ndalama. Koma oyilo wa bokosi sayezedwa ngati wa injini. Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20 kuti atenthe. Imikani pamalo osapendekeka, kokani handibuleki, injini isazime. Mutaponda buleki, dutsitsani kandodo m'malo onse kuyambira P mpaka L, mukuima pang'ono paliponse, kenako bwezani pa P. Ma Pajero ambiri amayezedwa kandodo kali pa N. Solorani dipisitiki ya bokosi, ipukuteni ndi kansalu koyera kosasiya ulusi, ibwezeni mpaka pansi, isoloreninso. Oyilo afike pakati pa mizere ya HOT.

Akachepa, pampu imakoka mpweya ndipo magiya amaterereka kapena kuchedwa. Akachuluka mopitirira amachita thovu, zotsatira zake n'zofanana. Choncho pothira, thirani pang'onopang'ono, kuchepera theka la lita, n'kuyezanso. Ndipo oyilo wa bokosi sapsa ngati wa injini. Akachepa ndiye kuti akudontha penapake: pa sampu, pa mapaipi opita ku redieta, kapena pa masili. Yalani katoni pansi pa galimoto usiku, m'mawa mudzaona pamene pakuchokera.

Tsopano dontheza oyiloyo pa pepala loyera. Wofiira ndi woyera bwino, palibe vuto. Wabulawuni, watopa, akufunika kusintha. Wakuda ndi wonunkha chopserera ngati nsima yapsa m'poto, bokosi lakhala likutentha ndipo makilatchi adyeka. Wotuwa mofiirira ngati mwathira mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Zikatero osayendetsanso, ndifotokoza pansipa.

Pa mtundu wa oyilo ndi pamene ambiri amapwetekera mabokosi. Si oyilo aliyense wofiira amene ndi wofanana. Ma Toyota a m'ma 1990 ambiri amafuna Dexron II kapena Dexron III. Otsatira ake amafuna Type T-IV, ndipo ena a cha m'ma 2005 kupita kutsogolo amafuna WS, ambiri mwa amenewa alibenso dipisitiki. Ma Pajero okhala ndi bokosi la Mitsubishi amafuna SP-III. X-Trail ya mtundu wachiwiri, imene inayamba kutuluka mu 2007, yambiri ili ndi bokosi la CVT lofuna NS-2, ndipo mukathiramo ATF wamba mwalipha. Werengani pa dipisitiki, kawirikawiri amalemba pomwepo. Gulani wa m'botolo lomata bwino, osati wothiridwa m'mabotolo a zakumwa amene simukudziwa kuti wachokera mu diramu yanji.

Pali mphekesera yoti oyilo wa otomatiki sasinthidwa, mukasintha bokosi limafa. Chimene chimachitika n'chakuti anthu amakumbukira kusintha oyilo bokosi litayamba kale kuterereka, ndiye likafa mlandu umagwera oyilo watsopano. Njira yofatsa ndi kumasula sampu, kutsuka maginito amene ali mkatimo, kutsuka kapena kusintha sefa, n'kuthira oyilo wofanana ndi amene watuluka. Dziwani kuti potero mumangochotsa malita awiri mpaka anayi, pomwe bokosi lonse limasunga pafupifupi malita 10, chifukwa wambiri amatsalira mu konveta. Mukayenda makilomita mazana angapo, bwerezaninso. Kwa galimoto yogwira ntchito yolemetsa ngati zathu kuno, kusintha pa makilomita 40,000 aliwonse n'koyenera.

Sampu ikatsika, muione ndi maso anu. Kautsi kotuwa kosalala pa maginito n'kachizolowezi. Koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira kapena timakoko takuda tambiri, pamenepo ndiye bokosi ladyekadi.

Madzi: mdani wa m'dzinja

Madzi amalowa m'bokosi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi powoloka mitsinje ndi zithaphwi zakuya. Pamwamba pa bokosi pali kabowo kopumira. Bokosi lotentha likamira m'madzi ozizira mwadzidzidzi, limakoka madzi kudzera pamenepo. Mukawoloka madzi ofika pamwamba pa matayala, mawa lake muone oyilo wa bokosi, wa transfer ndi wa madifu.

Yachiwiri ndi redieta. Oyilo wa bokosi amazizira podutsa m'kapaipi kamene kali m'thanki ya redieta. Ambiri kuno timangothira madzi a pamjigo m'malo mwa kulanti, ndipo pakapita zaka kapaipi kaja kamachita dzimbiri n'kuboola. Madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Injini ikazizira, tsegulani chivindikiro cha redieta. Mukaona mafuta ofiirira akuyandama, mwapeza gwero. Madzi amasungunula guluu wogwira makilatchi, kotero tsiku lililonse limene mukuyenda nawo likukuyandikizitsani ku bokosi latsopano. Redieta isinthidwe kapena ikonzedwe kaye, oyilo asinthidwe kangapo mpaka ayere.

Magetsi: batire, ethi ndi makoswe

Kompyuta ndi masolenoidi zimafuna magetsi okhazikika. Batire labwino limaonetsa pafupifupi mavolti 12.6 injini itazima, ndipo injini ikulira pazikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Aliyense wokonza mafoni kapena masola pa Kamuzu Road ali ndi mita yoyezera zimenezi. Altaneta ikamapereka mochepa kapena modumphadumpha, magiya nawonso amadumphadumpha. Mitu ya batire yoyera ufa itsukidwe, ndipo waya wa ethi wochoka pa batire kupita ku bodi ndi ku injini amangidwe zolimba.

Kenako lowani pansi. Mabampu a misewu yathu amagwedeza mapulagi mpaka kutayirira, matope amalowa m'mapulagi n'kuchititsa dzimbiri, ndipo mawaya oyandikira ekizozi amasungunuka. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena yonyamula chimanga imaitananso makoswe, ndipo makoswe amakonda mawaya. Zulani pulagi iliyonse ya pa bokosi, muione ngati yabiriwira, muitsuke, iume, muibwezeretse mpaka imveke kuti yakola.

Pambali pa bokosi pali switchi imene imauza kompyuta pamene kandodo kali. Ikadzaza matope, zilembo za P, R, N, D pa dashibodi zimasokonekera, nyali za rivesi sizimayaka, kapena galimoto imakana kulira pa P koma n'kulira pa N. Kuitsuka ndi kuikhazika bwino kumathetsa mavuto ambiri amene anthu amati ndi bokosi.

Galimoto imanena yokha pamene ikumva kuwawa

Ichi ndi chimene eni galimoto ambiri sadziwa. Pa Toyota yakale, kagetsi ka O/D OFF kakamaphethira pamene mukuyenda, kompyuta ikukuuzani kuti yasunga nambala ya vuto. Nambalayo mukhoza kuiwerenga popanda makina. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mkati mwa chivindikiro chake ajambula mayina a timabowo. Tsegulani kiyi osaliza injini, batani la O/D likhale loti kagetsi kazima, ndiye lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya kafupi. Kagetsi kakamaphethira mofanana osalekeza, palibe vuto losungidwa. Kakaphethira kasanu ndi kamodzi, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi 62. Pa mabokosi a banja la A340 manambala odziwika ndi awa:

42: sensa yoyamba ya liwiro, imene imayendetsanso sipidomita
61: sensa yachiwiri ya liwiro, ya pa bokosi
62: solenoidi yoyamba
63: solenoidi yachiwiri
64: solenoidi yomanga konveta

Chenjezo, magaye: muwerenge bwino zilembo musanalowetse waya. Kulumikiza mabowo olakwika kukhoza kuotcha kompyuta. Ngati simukuona bwino, asiyireni a zamagetsi a galimoto. Komanso nambala sikutanthauza kuti chipangizocho chafa, ikutanthauza kuti njira yake ili ndi vuto, mwina ndi waya chabe. Solenoidi yabwino ya bokosi limeneli imaonetsa ma ohm 11 mpaka 15 pa mita. Ikhoza kusinthidwa pongomasula sampu, bokosi lili pomwepo.

Pa Pajero, kagetsi ka N ndi kamene kamaphethira. Kakamaphethira mothamanga, oyilo watentha kwambiri. Kakamaphethira pang'onopang'ono, kompyuta yaona vuto ndipo kawirikawiri imatsekera galimoto mu giya yachitatu kuti mungofika nayo ku galaja.

Za timakina totchipa tolumikiza ku foni tija: timagwira bwino pa galimoto zatsopanoko, koma zambiri zakale zopangidwira msika wa ku Japan sitizimva. Kakakuuzani kuti palibe vuto, musafulumire kukhulupirira. Pa galimoto zimene timagwira, manambala oyamba ndi P07 ndi a bokosi, ndipo P0500 ndi ya sensa ya liwiro.

Masensa awiri, kebulo imodzi, ndi thermostat imene inachotsedwa

Kompyuta imasankha giya poyerekeza liwiro ndi moto. Sensa ya liwiro ikamadukiza, kompyuta imaganiza kuti mwaima pomwe mukuthamanga, ndiye imagwetsa giya mwadzidzidzi. Muone sipidomita: ngati singano imadumpha kapena kugwa nthawi yomwe giya yasokonekera, mwamugwira wakuba.

Sensa ya moto, imene amakaniko amati TPS, imatha pamalo amene phazi limakhalitsa. Pa mita, magetsi ake ayenera kukwera mosalala kuchoka pansi pa volti imodzi kufika cha m'ma 4 pamene mukuponda pang'onopang'ono. Akadumpha pakati, ndi imeneyo imene ikuchititsa kusinthasintha kuja.

Ma Surf ndi ma Prado ambiri ali ndi kebulo yochoka ku injini kupita ku bokosi. Imawonjezera mphamvu ya oyilo mukaponda moto. Ikatayirira, magiya amaterereka ndipo makilatchi amapsa msanga. Ikakungika kwambiri, amagunda. Vuto likayamba galimoto itangochoka kokonzetsa pampu ya dizilo kapena kosintha injini, yambani mwaona kebulo imeneyi. Pali kachitsulo komatidwa pa kebulo kosonyeza mlingo, kayenera kutulukira osapitirira milimita imodzi kuchoka pa labala lake.

Switchi ya nyali za buleki nayo ilimo. Ikamagunda yokha, kompyuta imaganiza kuti mukuponda buleki n'kumamasula konveta, marevu n'kumakwera ndi kutsika pang'ono pamsewu wautali.

Tsono nayi ya kwathu kuno. Poti Salima ndi kotentha, anthu ambiri amachotsa thermostat poganiza kuti akuthandiza injini. Koma kompyuta siloleza giya yachinayi madzi a injini asanafike madigiri pafupifupi 55 mpaka 60. Popanda thermostat, usiku, mvula ikamagwa, kapena potsetsereka mtunda wautali kuchokera ku Mvera, madzi amazizira kupitirira pamenepo, giya yachinayi n'kuthawa. Madzi akafundanso, n'kubwerera. Mwini wake amaona ngati bokosi lapenga, pomwe mankhwala ake ndi kubwezeretsa kachipangizo kakang'ono kamene kanatayidwa.

Kutentha: mchenga, katundu ndi zitunda za M14

Oyilo wa bokosi amagwira bwino pa madigiri 70 mpaka 80. Akamapitirira kwambiri amapsa, masili amauma, makilatchi n'kuyamba kuterereka. Kuno zinthu zitatu zimamutenthetsa. Choyamba ndi mchenga wa kunyanja, monga ku Senga Bay ndi m'madooko a asodzi. Mukamalimbana nawo pa H, konveta imaterereka kwambiri n'kuwiritsa oyilo. Imani, ikani N, lowetsani L4, muyende mofatsa. Chachiwiri ndi katundu wopitirira muyezo ndi kukoka ngolo. Chachitatu ndi ulendo wa ku Lilongwe. Kuchoka m'mbali mwa nyanja, pamtunda wa mamita pafupifupi 500, msewu wa M14 umakwera kudutsa Mvera ndi Chezi mpaka kupitirira mamita 1,000. Mu October ndi November, galimoto itadzaza, bokosi limamva. Mukaona likusakasaka giya pachitunda, dinani O/D OFF kapena ikani 2, likhazikike.

Kagetsi ka A/T OIL TEMP kakayaka, patukani, ikani P, musazimitse injini. Isiyeni izilira pang'onopang'ono mpaka kagetsi kazime, chifukwa pampu ikamazungulira ndi pamene oyilo akuzizira. Mukafika kunyumba tsukani redieta kunja, udzu, thonje ndi matope zimatseka mphepo. Kwa amene amanyamula katundu tsiku ndi tsiku, kuika kula yapadera ya oyilo kutsogolo kwa redieta ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito mwanzeru.

Zizolowezi zina zisiyidwe. Kutsetsereka pa N poti mukusunga mafuta kumakulandani mphamvu ya injini yothandiza mabuleki, ndipo pa zitsetse za M14 imeneyo ndi nkhani ya moyo. Kuika R galimoto isanaime, ndi kumenyetsa D ndi R mukuponda moto pofuna kutuluka m'matope, kumathyola za mkati.

Matayala ndi 4x4

Nthawi zina kugunda ndi kulemera kumene mukumva si bokosi la magiya. Galimoto imene 4x4 yake ndi yochita kulowetsa siyenera kuyenda pa tala ili mu 4x4, ndipo Prado siyenera kuyenda pa tala difu yapakati itakhomedwa. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakokanakokana, galimoto imauma pokhota, ndipo kandodo kamakana kutuluka. Matayala osiyana saizi, amene timaika tikagula limodzilimodzi la kaunjika, amachita chimodzimodzi. Onse anayi akhale a saizi imodzi ndi mpweya wofanana. Muonenso makolosi a propshaft, akatha amagunda mukaika D kapena R.

Mayeso olekanitsa magetsi ndi zitsulo

Makaniko wodziwa ntchito ali ndi njira yachidule pa mabokosi a A340. Amazula pulagi ya masolenoidi kuti kompyuta isalamule, n'kuyendetsa galimoto pamsewu wopanda anthu akusintha ndi dzanja. Pa L imayenda mu giya yoyamba, pa 2 imalumphira yachitatu, pa D yachinayi. Zikatero mosaterereka, zitsulo za mkati zikugwira ndipo vuto lili ku magetsi. Ngati ikutererekabe, ndiye ndi za mkati. Palinso kuyeza mphamvu ya oyilo ndi geji, kumene kumaonetsa ngati pampu yatopa. Amene akufuna kugwetsa bokosi asanachite ngakhale chimodzi mwa izi akuyerekeza ndi ndalama zanu.

Bokosi likafadi

Tisanamizane, mabokosi amafa. Oyilo wakuda wonunkha, zitsulo mu sampu, kuterereka ngakhale oyilo ali pamlingo, rivesi kapena giya ina kusoweratu, kulira ngati chigayo: apa mwafika pa chisankho cha kumanganso kapena kugula lina logwiritsidwa kale ntchito. Ambiri amakasaka ku Lilongwe, cha ku Biwi ndi ku Malangalanga, ena amaitanitsa kunja.

Musanatumize ndalama, jambulani kambale kachitsulo ka mu boneti. Pa Toyota pali mzere wolembedwa TRANS/AXLE umene ukutchula mtundu wa bokosi lanu. Mabokosi amafanana maonekedwe koma amasiyana mapulagi, masensa ndi polumikizira injini, la petulo si la dizilo. Ligulidwe ndi konveta yake. Muone oyilo wotsalira mkati. Mugwirizane polemba za masiku oti mukhoza kulibweza. Poika, mapaipi ndi kula zitsukidwe bwino, apo ayi zinyalala za bokosi lakale zikapha latsopano. Konveta ilowe mpaka kumapeto bokosi lisanamangidwe, chifukwa kuikakamiza ndi mabawuti kumaswa pampu. Ndipo chimene chinapha loyambalo, kaya ndi redieta, kaya ndi kebulo, chikonzedwe.

Ikakuferani panjira, musavutitse anthu kukankha, otomatiki silira ndi kukankha. Kuikoka mtunda wautali matayala ali pansi n'koopsanso, chifukwa injini ikazima pampu siyenda ndipo za mkati zimazungulira zouma. Masulani ma propshaft kapena ikwezeni pa lole.

Mafunso asanu ofunsa ku galaja

Oyilo mwamuyeza atatentha, ndipo ndi wamtundu wanji? Kompyuta yapereka nambala yanji? Batire, altaneta ndi mapulagi mwaziona? Mu sampu mwapezamo chiyani, ndingaone nawo? Ndi mayeso ati amene akusonyeza kuti vuto lili mkati?

Makaniko wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, amasangalala kuti mwini galimoto akutsatira, ndipo tili nawo anyamata ndi atsikana aluso m'boma lino. Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu, safunsa anadya phula. Sipeya aliyense wochotsedwa mubwerere naye kunyumba, ndipo muzilemba mu foni tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo amene wathiridwa.

Ndondomeko yake isasinthe: mabatani, oyilo, madzi, magetsi, manambala, masensa, kutentha, matayala, kenako bokosi. Zisanu ndi zitatu zoyambazo zambiri zimatheka tsiku limodzi pansi pa mtengo wa mango, ndi nsanza yoyera, mita ndi sipanala. Ngati kwanu kuli Surf kapena Pajero imene yakhala pa mawe miyezi ingapo podikira ndalama ya bokosi, auzeni eni ake ayambirenso pa nambala wani mvula isanayambe.